Kalata yotseguka kwa eni ake a “sisitimu”

Kwa inu akuluakulu oyendetsa zipatala ndi mabanki, kwa inu eni makampani opanga mapulogalamu a kompyuta, ndi kwa inu opanga malamulo,

Olemekezeka,

Mundikhululukire poti ndakusonkhanitsani m'kalata imodzi ngati anthu a khomo limodzi. Ndikudziwa kuti ambiri a inu simudziwana, ndipo ena mumachita kulimbirana makasitomala. Koma ife oima pamzere timakuonani ngati munthu mmodzi, chifukwa kulikonse kumene tingapite, zinthu zikangovuta, yankho limene munaphunzitsa antchito anu ndi limodzimodzi: “Pepani, sisitimu yatero.” Ndiye ndalemba kuti ndikufunseni: sisitimu imeneyi mwini wake ndani? Ikalakwa, woyankha mlandu ndani?

Ndiyambe ndi za mayi anga. Ndi munthu wamkulu, amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndipo thupi lawo siligwirizana ndi penisilini. Anadziwa zimenezi ali mtsikana, pamene anawabaya jakisoni n'kutupa nkhope mpaka maso kutsekeka. Chipatala chimene amapitako chitasiya mafayilo a mapepala n'kuyamba kusunga mbiri ya odwala pa kompyuta, tonse tinasangalala. Tinati basi, zija zoti “fayilo yanu sikupezeka, mubwere mawa” zatha. Tsiku lina anadwala chifuwa. Dokotala anayang'ana pa kompyuta, anawalembera mankhwala, ndipo namwino ali pafupi kuwapatsa, mayi anafunsa dzina la mankhwalawo. Anali a mtundu wa penisilini womwewo. Atafufuza, zinadziwika kuti mbiri yawo inasakanikirana ndi ya mayi wina wa dzina lofanana ndi lawo. Pa kompyutapo panali matenda amene mayi sanadwalepo chibadwire, koma chenjezo la penisilini panalibe.

Za kulakwitsako sindikuimba munthu mlandu. Wolemba amaphonya, kaya pa pepala kaya pa makina. Chimene chinandiwawa ndi ulendo wokakonzetsa. Kalaliki anati iye alibe chilolezo chosintha kanthu. Dokotala anati angathe kuwonjezera mawu koma sangafufute zimene zinalowa kale. Wa mu ofesi ina anati za kompyuta zili m'manja mwa kampani imene inaika pulogalamuyo, ndipo kampaniyo siilankhula ndi odwala. Tinapita katatu. Aliyense anatilandira mwaulemu, aliyense anapukusa mutu motimvera chisoni, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wogwira kiyi. Mayi, amene akhala m'thupi lawo zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, ankachita kuchonderera kuti awakhulupirire kuposa bokosi la magetsi.

Mwina muti imeneyi ndi nkhani yaing'ono ya banja limodzi. Ndiye tiyeni ku Britain, kumene mawu oti “kompyuta siinama” anatsekeretsa anthu m'ndende. Mu 1999 bungwe la Post Office linayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, ya kampani ya Fujitsu. Posakhalitsa pulogalamuyo inayamba kuonetsa kuti ndalama zikusowa m'nthambi zosiyanasiyana. Oyang'anira nthambizo, anthu wamba amene anthu a m'dera lawo ankawadziwa ndi kuwadalira, anakana kuti sanabe. Sanamvedwe. Pakati pa 1999 ndi 2015, anthu oposa 900 anazengedwa milandu ya kuba kapena kulemba mabuku a ndalama mwachinyengo. Ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zimene sanatenge, mabanja anapasuka, ndipo ena anadzipha. Ambiri akaimba foni kudandaula, ankauzidwa kuti vutolo likuchitika kwa iwo okha. Panatenga khama la munthu wina dzina lake Alan Bates ndi anzake 555 onse pamodzi kuti mu 2019 khoti lalikulu ligamule kuti pulogalamuyo inalidi ndi zolakwika, komanso kuti zinali zotheka kulowa m'maakaunti a nthambi kuchokera kutali n'kusintha manambala, chinthu chimene bungwelo linakhala likukana zaka zambiri. Nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa lamulo lapadera mu 2024 lofafaniza milanduyo.

Taonani bwino, olemekezeka. Si kompyuta imene inamanga anthu amenewa. Kompyuta inangophonya masamu, monga makina alionse amachitira. Anawamanga ndi akuluakulu amene anasankha kukhulupirira makina chifukwa kuvomera kuti makinawo akulakwa kukanawachititsa manyazi ndi kuwatayitsa ndalama. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo, koma kumeneko mtengo unaloza tsamba chala.

Musandimve ngati munthu wodana ndi makompyuta. Ndani angalire masiku a fayilo yodyedwa ndi chiswe, kapena malemba a dokotala amene ngakhale wopereka mankhwala amachita kuwalosera? Mbiri ya wodwala ikakhala pa kompyuta, munthu wokomoka amene wafika pa chipatala chachilendo angathe kudziwika kuti ali ndi matenda a shuga. Zotsatira za magazi zimafika msanga. Pulogalamu yabwino imachenjeza dokotala ngati mankhwala awiri sayenera kumwedwa pamodzi. Zonsezi ndi zabwino, ndipo tikuzifuna. Kungoti walira mvula walira matope, ndipo matopewo mwawasiyira ife pomwe mvulayo munaitana ndinu.

Dziko la Estonia, limene anthu ake sakwana 2 miliyoni, lakhala ndi njira imodzi yosungira mbiri ya umoyo wa nzika zake pa kompyuta kuyambira 2008. Chimene chimandisangalatsa kumeneko si kuthamanga kwa makina ayi. Ndi chakuti wodwala angathe kulowa, kuwerenga zimene zalembedwa za iye, n'kuonanso mayina a anthu amene anatsegula fayilo yake ndi tsiku limene anatero. Namwino wofuna kusuzumira fayilo ya mkazi wa mchimwene wake kuti akapeze miseche amadziwa kuti mapazi ake atsala pamenepo. Zimenezi si zamatsenga. Pulogalamu iliyonse yolongosoka imasunga kale ndandanda wa amene alowa. Funso ndi lakuti ndandandawo mumauonetsa kwa mwini matenda kapena mumaubisa mu ofesi.

Pakuti chinsinsi cha kuchipatala sichili ngati ndalama. Ndalama zikabedwa zimabwezedwa. Khadi la ku banki likabedwa amaliletsa n'kupereka lina. Koma dziko likadziwa kuti wakuti anapita padera, wakuti ali ndi kachilombo, wakuti anafuna kudzipha, ndani angabweze zimenezo m'botolo? Anthu a ku Finland anaziona mu 2020. Kampani ya Vastaamo inkathandiza anthu ovutika maganizo, ndipo zimene odwala ankaulula kwa alangizi awo zinkalembedwa pa kompyuta popanda kuzitseka ndi njira yobisa malemba. Mbava inalowa n'kutenga mbiri ya anthu pafupifupi 33,000. Kampaniyo itakana kupereka dipo, mbavayo inayamba kulembera odwalawo mmodzimmodzi pa imelo: tumiza mayuro 200 mu bitcoin, ndalama ya pa intaneti, apo ayi zonse zimene unauza mlangizi wako ndiziika poyera. Ganizirani munthu amene anachita kulimba mtima zaka zambiri kuti atsegule pakamwa pa zimene anamuchita ali mwana, lero akuwerenga uthenga wotero pa foni yake. Wakubayo anagwidwa ndipo mu 2024 anagamulidwa zaka zisanu ndi chimodzi ndi miyezi itatu. Kampaniyo inagwa mu 2021. Koma zinsinsi zija zili kunjabe.

Tsono pali tsiku limene makina amangoti zii. Chakudza sichiimba ng'oma. Lachisanu pa 12 Meyi 2017, pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry inafalikira m'mayiko oposa 150, n'kumatseka mafayilo ndi kufuna dipo. Ku England inagwira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mabungwe oyendetsa zipatala za boma. Ma ambulansi anabwezedwa kuti apite kwina, ndipo anthu pafupifupi 19,000 amene anali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala kapena lochitidwa opaleshoni anauzidwa kuti adikire. Chopweteka n'chakuti kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka bowo limene pulogalamu yoipayo inalowera, mu Malichi chaka chomwecho. Miyezi iwiri chigamba chilipo, osachisoka. Pa 19 Julayi 2024 sipanafunikenso mbava: kampani yoteteza makompyuta ya CrowdStrike inatumiza yokha fayilo yolakwika, makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni n'kuzima, ndege kuima, zipatala kusokonekera. Ndiye inu a zipatala, ndikufunseni mwachindunji. Makina akazima lero masana, namwino wa mu wodi adziwa bwanji kuti wodwala wa pa bedi lachitatu amwa mankhwala ati usiku uno? Kodi mafomu a mapepala alipo mu kabati, kapena munawataya tsiku lodula riboni? Kodi antchito achinyamata amene sanagwirepo ntchito popanda kompyuta munawayesapo tsiku limodzi lokha lopanda makina?

Ndifike pa nkhani ya akamberembere a pa imelo, chifukwa apa ndi pamene mumatinyoza kwambiri, ngakhale mumatero ndi mawu okoma.

Alamu anga ndi munthu wophunzira, wosamala ndalama kuposa ine. Analandira imelo yokhala ndi chizindikiro cha banki yawo, mitundu yake yomweyo, kalembedwe kake komweko, yonena kuti wina wayesa kulowa mu akaunti yawo ndipo adine linki kuti atsimikize kuti ndi iwo. Anadina. Analemba pasiwedi. Patangopita mphindi zochepa foni inalira, munthu waulemu wonena kuti ndi wa ku nthambi yoona zachinyengo, akupempha nambala imene yangobwera pa foni kuti “aletse” kubako. Anamupatsa. Pofika madzulo akaunti inali mbee. Atapita ku banki anauzidwa kuti kulakwa ndi kwawo poti anapereka okha nambala yachinsinsi, ndipo anawapatsa kapepala kolembedwa kuti tizikhala tcheru. Chondiseketsa, ngati n'choseketsa, n'chakuti mlungu womwewo banki yomweyo inawatumizira uthenga weniweni wotsatsa ngongole, wokhala ndi linki, wowauza kuti adine msanga mwayi usanathe. Mumatiphunzitsa ndi dzanja lamanja kudina malinki mofulumira, ndi lamanzere n'kumatimenya kuti tadiniranji.

Anthu ambiri sadziwa, koma akatswiri anu amadziwa, kuti imelo inabadwa yopanda chitupa. Malamulo oyendetsera imelo amene Jon Postel analemba mu 1982, otchedwa SMTP, anapangidwira kagulu kochepa ka anthu a m'mayunivesite ndi m'malo a kafukufuku amene ankakhulupirirana. Pamalo polemba dzina la wotumiza, munthu angathe kulembapo dzina lililonse, monga mmene ungalembere dzina la wina kuseri kwa envulopu. Pambuyo pake anapanga njira zotsimikizira kuti uthenga wachokeradi kumene ukunena, zotchedwa SPF, DKIM ndi DMARC. Njirazi zakhalapo zaka zoposa khumi ndipo sizifuna chuma chambiri, koma mabungwe ochuluka anazengereza mpaka Google ndi Yahoo anachita kulamula mu 2024 kuti otumiza maimelo ambirimbiri azizitsatira. Sizitseka mabowo onse, poti wakuba angathe kugula dzina lofanana ndi lanu n'kungosintha chilembo chimodzi. Koma bungwe limene silinachite ngakhale chimenechi lilibe pakamwa ponenera kuti kasitomala ndi wosasamala.

Ndipo tisiye bodza loti amaberedwa ndi anthu opusa kapena adyera okha. Pakati pa 2013 ndi 2015, munthu wa ku Lithuania dzina lake Evaldas Rimasauskas ankatumiza mainivoisi abodza pa imelo, akudzionetsa ngati kampani ya ku Taiwan ya Quanta Computer. Anamulipira madola oposa 100 miliyoni. Omulipirawo anali Google ndi Facebook, zimphona za pa intaneti zenizenizo. Kumayambiriro kwa 2024, wantchito wa kampani ya zomangamanga ya Arup ku Hong Kong anakayikira imelo yomuuza kuti atumize ndalama mwachinsinsi. Anachita bwino kukayikira. Koma anamuitanira ku msonkhano wa pa vidiyo, kumene anaona nkhope ndi kumva mawu a mkulu woona zachuma pamodzi ndi anzake a ntchito. Onsewo anali zithunzi zopangidwa ndi kompyuta. Anatumiza ndalama zokwana pafupifupi madola 25 miliyoni. Bungwe lofufuza milandu la ku America, FBI, linati madandaulo amene linalandira mu 2024 okha anali a ndalama zokwana madola 16.6 biliyoni zobedwa kudzera pa intaneti, ndipo amenewo ndi okhawo amene analimba mtima kukanena. Ambiri amangokhala chete ndi manyazi, manyazi amene kapepala kanu ka “khalani tcheru” kamawonjezera.

Kale tinkauzana kuti uthenga wa wakuba umadziwika ndi chilankhulo chothyokathyoka. Lero makina olemba okha amamulembera kalata yosalala m'chilankhulo chilichonse, ndipo mawu a mwana wako angathe kukopedwa kuchokera pa kavidiyo kakafupi. Ngati Google inagwa m'mbuna, ngati wantchito wa Arup uja ananyengedwa ndi maso ake omwe, mukuyembekeza chiyani kwa gogo amene anagwira foni yoyamba ali ndi zidzukulu? Wakuba amagwira ntchito imeneyi tsiku lonse, ali ndi anzake, ali ndi zida, ndipo akalephera kwa anthu chikwi n'kupambana kwa mmodzi wapindula. Ife tiyenera kupambana tsiku lililonse, titatopa, tikudwala, mwana akulira kumbuyo. Mpikisano wotero simungautche kusasamala kwathu.

Taonani zimene zinachitika ku Ireland. Pa 14 Meyi 2021 makompyuta a bungwe loyendetsa zipatala za boma, HSE, anatsekedwa ndi gulu la mbava lotchedwa Conti, ndipo zinatenga miyezi kuti zonse zibwerere m'malo. Chiyambi chake chinali wantchito mmodzi amene anatsegula fayilo ya Excel yobwera pa imelo pa 18 Malichi. N'kosavuta kuloza iyeyo chala. Koma werengani masiku: kuchokera pa 18 Malichi kufika pa 14 Meyi ndi milungu isanu ndi itatu. Nthawi yonseyo mbava zinali m'nyumba, zikuyenda chipinda ndi chipinda, ndipo lipoti la kafukufuku linapeza kuti machenjezo analipo koma sanatsatidwe mokwanira. Kudina kunali kwa mphindi imodzi ndi kwa munthu mmodzi. Milungu isanu ndi itatuyo inali ya akuluakulu. Ku America nako, mu Febuluwale 2024, mbava zinalowa mu kampani ya Change Healthcare, imene imayendetsa malipiro pakati pa zipatala, ogulitsa mankhwala ndi makampani a inshuwalansi. Andrew Witty, amene pa nthawiyo anali mkulu wa UnitedHealth, eni ake a Change Healthcare, anavomera pamaso pa aphungu kuti khomo limene mbavazo zinalowera linalibe loko wachiwiri, uja wofuna nambala yapadera kuwonjezera pa pasiwedi, ndiponso kuti analipira dipo la madola 22 miliyoni. Anthu pafupifupi 190 miliyoni anakhudzidwa. Loko yemweyo amene mumatikakamiza ife kuti tiike pa akaunti yathu yaing'ono, iwo sanamuike pa nkhokwe ya dziko lonse. Timadziwa kuti nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Masiku ano zatembenuka: akudya ndi akulu, zikupota ana.

Inu a mabanki mungati palibe chimene mungachite munthu akatumiza yekha ndalama. Chilipo, ndipo ena ayamba. Kuyambira pa 7 Okutobala 2024, ku Britain lamulo likukakamiza mabanki kubwezera munthu amene wanyengedwa kuti atumize ndalama kwa wakuba, mpaka mapaundi 85,000, pokhapokha zitaoneka kuti munthuyo anachita nawo chinyengo kapena ananyalanyaza moonekeratu. Mbali imene ndimaikonda ndi yakuti ndalamazo amagawana pakati: theka banki yotumiza, theka banki yolandira. Pakuti ndalama zobedwa siziuluka m'mwamba ngati mbalame. Zimakagwera mu akaunti, ndipo akauntiyo inatsegulidwa ndi banki inayake imene inayenera kudziwa mwini wake. Akaunti imene yakhala miyezi ili gwa, mwadzidzidzi n'kuyamba kulandira ndalama kuchokera kwa anthu makumi awiri osadziwana n'kuzitulutsa mphindi yomweyo, makina anu amaiona. Amatha kuona ndikachedwa kubweza ngongole ndi tsiku limodzi, ndiye angalephere bwanji kuona zimenezo? Kusiyana kwake n'kwakuti ngongole ikapanda kubwezedwa mumaluza ndinu, pomwe kasitomala akaberedwa amaluza yekha. Tsiku limene kuba kudzayambe kukupwetekani m'thumba, nzeru zotsekera mabowo zidzapezeka msanga.

Za mapasiwedi ndingodutsapo. Bungwe la ku America loona za miyezo, NIST, linanena kale mu 2017 kuti kukakamiza anthu kusintha pasiwedi pafupipafupi popanda chifukwa sikuthandiza, poti munthu amangosintha nambala ya kumapeto kapena kuilemba pa kapepala n'kumata pa kompyuta. Ambiri a inu mukuchitabe. Siyani.

Pali anthu ena amene simuwaona konse chifukwa safika n'komwe pa makina anu. Mukalamula kuti tsiku lokaonana ndi dokotala lizipezeka pa intaneti pokha, kuti fomu izidzazidwa pa foni pokha, kuti nambala yotsimikizira izibwera pa uthenga pokha, mumakhala mwatseka chitseko kwa wosaona, kwa wonjenjemera manja, kwa wosadziwa kuwerenga, kwa amene foni yake yabedwa dzulo, kwa wokhala kumene netiweki imachita kusakidwa. Anthu amenewa sasiya kudwala. Amapempha wina kuti awathandize, ndipo pomuthandizapo amamupatsa pasiwedi, tsiku lobadwa, nambala ya chitupa, ndi dzina la matenda. Mayi wina amene sankafuna kuti mwana wake adziwe chimene akudwala amakakamizika kumupatsa foni kuti amuwerengere zotsatira. Inu mu lipoti mumalemba kuti anthu ambiri tsopano akugwiritsa ntchito njira yamakono. Zoona zake n'zakuti ntchito imene ankagwira kalaliki wolipidwa, wolumbira kusunga chinsinsi, mwaisenzetsa mdzukulu wa zaka khumi ndi ziwiri kapena mlendo wa pamzere. Siyani windo limodzi lotsegula, lokhala ndi munthu wamoyo. Siyani nambala ya foni imene ikaimbidwa amayankha ndi munthu, osati mawu ojambulidwa otizunguza mpaka foni kuduka.

Kwa inu opanga malamulo, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo moto uwu wafika pa inu. Mayiko a mu European Union ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, lotchedwa GDPR, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 Meyi 2018. Lili ndi zofooka zake, ndipo tonse tatopa ndi timabokosi tofunsa chilolezo pa tsamba lililonse. Koma muli mfundo zimene munthu aliyense padziko ayenera kukhala nazo: ufulu woona zimene bungwe lasunga zokhudza iwe, ufulu wokonzetsa zolakwika, udindo wa bungwe kudziwitsa oyang'anira pasanathe maola 72 likazindikira kuti laberedwa zinsinsi za anthu, ndi ufulu woti chigamulo chachikulu pa moyo wako chisapangidwe ndi makina okha popanda munthu woti ungamudandaulire. Mfundo yomalizayi musaipeputse. Ku Netherlands, nthambi ya misonkho inagwiritsa ntchito makompyuta posankha mabanja oti ndi okayikitsa pa ndalama zothandizira kulera ana, ndipo kukhala nzika ya mayiko awiri kunkawerengedwa ngati chizindikiro chokayikitsa. Mabanja masauzande ambiri anawatcha akuba n'kuwalamula kubweza ndalama zimene analandira moyenera. Nduna zonse za boma la Mark Rutte zinatula pansi udindo mu Januwale 2021 chifukwa cha nkhaniyi. Lamulo lolembedwa linalipo kumeneko, koma silinawateteze pa nthawi yake, kutanthauza kuti pepala lokha silokwanira ngati woliyang'anira alibe mano ndiponso ngati munthu wosauka sangathe kufika pamaso pake.

Ndipo m'makhoti, musalole kuti zotuluka mu kompyuta zizilandiridwa ngati zoona mpaka woimbidwa mlandu atatsimikiza kuti makina analakwa. Adzatsimikiza bwanji, pomwe makinawo ali m'manja mwa womuimba mlanduyo? Amene wabweretsa umboni wa makina ndi amene aonetse kuti makinawo amagwira bwino ntchito, aonetse ndandanda wa zolakwika zimene zinapezekapo, aonetse amene anali ndi mphamvu yolowa ndi kusintha. Anthu a Horizon aja akanakhala ndi chitetezo chimenechi, ambiri sakanaona khomo la ndende.

Inu opanga mapulogalamu, mawu anga kwa inu ndi ochepa. Womanga mlatho ukagwa amayankha. Wopanga mankhwala akapweteka anthu amayankha. Inu nokha ndi amene mumagulitsa katundu ndi chikalata cha masamba makumi anayi chonena kuti chilichonse chikachitika si mlandu wanu, n'kutiuza kuti tidine “ndavomera” pomwe popanda kudina sitilandira chithandizo. Kuvomera kwa munthu amene wagwira mwana wodwala m'manja si kuvomera.

Mbiri ya mayi anga inakonzedwa pamapeto pake, osati chifukwa panali njira, koma chifukwa namwino wina wachifundo ankadziwana ndi mnyamata wa makompyuta ndipo anamuimbira pa foni yake ya m'manja. Sitinauzidwe ngati mayi winayo, mwini matenda amene analembedwa pa dzina la mayi anga, naye anamukonzera, kapena akuyendabe ndi chenjezo la penisilini limene si lake pomwe matenda ake enieni anasowa. Mayi tsopano amayenda ndi kapepala m'chikwama, kolembedwa ndi dzanja lawo, kokulungidwa mu pulasitiki, ndipo amakatulutsa dokotala asanayatse n'komwe kompyuta. Mwezi wamawa akupitanso kukayezetsa magazi. Ndidzawaperekeza, ndipo ndidzayang'ana pakhoma, pafupi ndi chikwangwani chija chonyadira kuti chipatala chino n'chamakono, ngati mwalembapo dzina la udindo, nambala ya chitseko ndi maola a munthu amene ali ndi mphamvu yokonza fayilo ikalakwika.

Ndine wanu,

Mmodzi wa oima pamzere